Kodi serotype n'chiyani, ndipo imasiyana bwanji ndi variant ya vayirasi?

Aphunzitsi ena a sayansi pa sukulu ina ya sekondale anditumizira imelo yofunsa za mawu amene anakumana nawo powerenga nkhani ya katemera wa poliyo. Nkhaniyo inanena kuti vayirasi ya poliyo ili ndi ma serotype atatu, ndipo ophunzira awo atamva zimenezi anafuna kudziwa ngati serotype ndi chinthu chimodzimodzi ndi ma variant amene tinkamva tsiku ndi tsiku nthawi ya Covid-19, kapena subtype C imene imatchulidwa pokamba za HIV kuno kummwera kwa Africa. Afunsanso ngati manambala akuti 1, 2 ndi 3 amasonyeza kuopsa kwa matendawa, komanso chifukwa chimene mwana amene anamaliza katemera wake yense kusikelo amadonthezeredwanso katemera wa poliyo pamene alangizi a zaumoyo akuyenda khomo ndi khomo.

Aphunzitsi, mawuwa si amodzimodzi, ngakhale kuti onse amagawa vayirasi imodzi m'magulu. Amasiyana pa chimene wogawayo akuyang'ana. Serotype ndi gulu la mavayirasi amene chitetezo cha m'thupi chimawaona ngati chinthu chimodzi, kotero kuti munthu akadwala kapena akalandira katemera wa vayirasi imodzi ya m'gululo, maantibodi (mapuloteni a m'magazi olimbana ndi tizilombo) amene thupi lake lapanga amatha kugwira ndi kufooketsa mavayirasi ena onse a m'gulu lomwelo, koma akakumana ndi a gulu lina amalephera kapena amathandiza pang'ono chabe. Subtype ya HIV, clade ya mpox ndi variant ya Covid-19 zimagawidwa poyang'ana chibadwa cha vayirasi, chimene chimasungidwa mu RNA kapena DNA yake, ndipo zimatiuza za ubale, kuti iyi inachokera kwa iti. Mlonda wa pachipata amazindikira munthu poona nkhope, safunsa mfunda wake, choncho abale a mimba imodzi akhoza kukhala alendo awiri osiyana kwa iye, pomwe anthu a mabanja otalikirana akhoza kumuonekera ngati munthu mmodzi. Serotype imatiuza mmene mlondayo, amene ndi chitetezo cha m'thupi, amaonera vayirasi.

Mbali yoyamba ya mawu akuti serotype ikuchokera ku seramu, madzi achikasu amene amatsala magazi akaundana, ndipo m'madzi amenewa ndi mmene maantibodi amapezeka. Asayansi asanayambe kuwerenga chibadwa cha tizilombo, njira yodalirika yosiyanitsira mavayirasi ofanana inali kutenga seramu ya munthu kapena nyama imene inadwala vayirasi yoyamba n'kuchira, kuisakaniza ndi vayirasi yachiwiri, kenako n'kuthira zosakanizazo pa maselo amoyo a mu labotale kapena kubaya nazo nyama ina. Maselowo akapanda kuwonongeka, ndiye kuti maantibodi a vayirasi yoyamba agwiranso yachiwiri, ndipo ziwirizo ndi serotype imodzi. Akawonongeka ngati kuti seramu panalibe, ndiye kuti ndi ma serotype awiri. Maantibodi amamatirira pa mapuloteni a kunja kwa vayirasi basi, ndipo n'chifukwa chake vayirasi ikhoza kusintha kwambiri m'kati mwake koma n'kukhalabe serotype yomweyo, pomwe kusintha kwa pamalo ochepa a kunja kukhoza kuichititsa kuti isazindikirikenso. Mawuwa amagwiranso ntchito pa mabakiteriya. Salmonella ali ndi ma serotype oposa 2,500, ndipo bakiteriya woyambitsa chibayo wotchedwa pneumococcus ali ndi oposa 90. Katemera wa chibayo amene Malawi anayamba kupereka kwa makanda mu November 2011 amatchedwa PCV13, ndipo nambala 13 ikuimira ma serotype amene katemerayo amateteza.

Nkhani ya poliyo ndi imene imaonetsa bwino kwambiri phindu la kugawa kotereku. Mu 1931 madokotala awiri a ku Melbourne m'dziko la Australia, Macfarlane Burnet ndi Jean Macnamara, anayerekezera vayirasi ya poliyo ya kwawoko ndi ina yochokera ku America, ndipo anaona kuti anyani amene anachira ku imodzi ankadwalabe akapatsidwa inayo. Nthawi imeneyo akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti vayirasi ya poliyo ndi imodzi yokha, choncho zotsatirazi sanazilabadire msanga. Koma katemera wodalirika sakanapangidwa popanda kudziwa kuti mitunduyo ilipo ingati, chifukwa ikanakhala itatu ntchitoyo inali yotheka, pomwe ikanakhala makumi asanu inali yosatheka ndi luso la nthawiyo. Mu 1949 David Bodian ndi anzake a ku yunivesite ya Johns Hopkins anasonyeza kuti ilipo itatu, ndipo bungwe la National Foundation for Infantile Paralysis linalipira ntchito yaikulu yotsimikizira zimenezi m'mayunivesite anayi a ku America. Mmodzi mwa ogwira ntchitoyo anali Jonas Salk wa ku Pittsburgh. Ofufuza a m'mayunivesite anayiwa anayesa mavayirasi pafupifupi 200 ochokera m'madera osiyanasiyana, pogwiritsa ntchito anyani oposa 17,000, ndipo pofika mu 1951 onse anali atagwera m'magulu atatu omwewo.

Poyamba maguluwa ankatchedwa Brunhilde, Lansing ndi Leon, potengera chimpanzi cha mu labotale, mzinda wa ku Michigan, ndi wodwala wina wa ku Los Angeles, ndipo pambuyo pake ndi pamene anapatsidwa manambala 1, 2 ndi 3. Choncho ophunzira anu asaganize kuti type 3 ndi yoopsa katatu kuposa type 1, kapena kuti vayirasi imakwera kuchoka pa 1 kufika pa 3 monga amachitira madokotala polongosola kukula kwa khansa. Manambalawo ndi mayina chabe. Ndipo kunena zoona, type 1 ndi imene yakhala ikupuwalitsa ana ambiri ndi kuyambitsa miliri ikuluikulu. Matendawo ndi amodzi, ndipo dokotala sangadziwe serotype poyang'ana mwendo wozizira wa mwana, koma chitetezo chake n'chosiyana. Mwana amene anadwala type 1 akhoza kudwalanso type 3. Pachifukwa chimenechi katemera wobaya wa Salk, amene anavomerezedwa mu 1955, komanso wodontheza m'kamwa wa Albert Sabin, amene anayamba kuperekedwa ali ndi mitundu yonse itatu mu 1963, anali akatemera atatu m'botolo limodzi.

Popeza serotype iliyonse ili ndi chitetezo chakechake, iliyonse yakhala ikuthetsedwanso payokha. Vayirasi yachilengedwe ya type 2 inaoneka komaliza ku India mu 1999 ndipo mu September 2015 analengeza kuti yatheratu padziko lonse. Ya type 3 inaoneka komaliza kumpoto kwa Nigeria mu November 2012, ndipo analengeza za kutha kwake mu October 2019. Yatsala ndi type 1, imene sinalekepo kufala ku Pakistan ndi Afghanistan. Mu April 2016 mayiko oposa 150 anasiya pa nthawi imodzi katemera wodontheza wa mitundu itatu n'kuyamba wa mitundu iwiri, 1 ndi 3. Chifukwa chake chinali chakuti katemera wodontheza amakhala ndi vayirasi yamoyo koma yofooketsedwa, imene imatuluka m'chimbudzi cha mwana wolandirayo, ndipo ikapeza dera limene ana ambiri sanatemeredwe imatha kuyenda kwa miyezi yambiri kuchoka kwa mwana uyu kupita kwa uyo mpaka kubwereranso mphamvu. Mbali ya type 2 ndi imene inkachita zimenezi kawirikawiri, ndipo zinaoneka zosayenera kuipitiriza vayirasi yachilengedwe itatha kale. Ganizolo linali ndi mtengo wake, chifukwa ana obadwa pambuyo pa 2016 anakula opanda chitetezo cha m'matumbo cha type 2, ndipo m'mayiko angapo a mu Africa munabuka poliyo wa type 2 wochokera ku katemera wakale. Izi ndi zimene zinachititsa kuti apange katemera wina wa type 2 yekha, wovuta kubwereranso mphamvu, wotchedwa nOPV2, amene World Health Organization inalola kuti agwire ntchito mu November 2020.

Zimene zinachitika kwathu kuno mu 2022 n'zoyenera kuziphunzitsa m'kalasi, chifukwa njira ziwiri zogawira vayirasi zinagwira ntchito pamodzi, iliyonse ikuyankha funso lake. Pa 17 February chaka chimenecho boma linalengeza kuti mwana wina wa ku Lilongwe, amene anazizira miyendo mu November 2021, anali ndi poliyo wachilengedwe, woyamba kupezeka m'Malawi kuyambira mu 1992. Funso loyamba linali la serotype, ndipo yankho lakuti ndi type 1 ndi limene linanena katemera woyenera kugwiritsa ntchito, amene anali wodontheza uja wa mitundu 1 ndi 3. Kampeni inayamba mu March ndipo inakhudzanso Mozambique, Tanzania ndi Zambia, kenako Zimbabwe. Funso lachiwiri linali la chibadwa, ndipo malabotale a ku South Africa ndi ku Atlanta m'dziko la America atawerenga RNA ya vayirasiyo anapeza kuti inali pa ubale ndi imene inkafala m'chigawo cha Sindh ku Pakistan. Zimenezi zinatanthauza kuti inachita kubwera, sinabisale kuno zaka zonsezo, ndipo n'chifukwa chake chilengezo cha mu August 2020 chakuti poliyo wachilengedwe watha mu Africa sichinafafanizidwe. Njira yomweyo inasonyeza kuti ana asanu ndi atatu amene anapuwala m'chigawo cha Tete ku Mozambique m'chaka chimenecho anagwidwa ndi vayirasi ya mzere womwewo. Serotype payokha sikanatiuza kumene vayirasiyo inachokera, pakuti type 1 ya ku Pakistan ndi type 1 ya kwina kulikonse zimaoneka chimodzimodzi kwa maantibodi.

Chikuku chili mbali inayo. Akatswiri amagawa vayirasi yake m'magulu 24 a chibadwa, okhala ndi mayina monga B3 ndi D8, koma onsewo ndi serotype imodzi. Katemera amene anavomerezedwa mu 1963 anachokera ku vayirasi imene John Enders ndi Thomas Peebles anatenga kwa mwana wasukulu ku Boston mu 1954, ndipo akatemera ambiri a masiku ano ndi zidzukulu za vayirasi imeneyo, komabe amateteza ku chikuku cha ku Mangochi mofanana ndi cha ku London. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti malo amene maantibodi amagwira ndi omwewo amene vayirasi imagwiritsa ntchito polowa m'maselo a munthu, kotero kuti ikawasintha kuti izembe chitetezo imadzitsekeranso khomo. Choncho pamene mliri wa chikuku unagwira anthu oposa 130,000 m'Malawi mu 2010 n'kupha pafupifupi 300, vuto silinali mtundu watsopano wozemba katemera, koma kuchuluka kwa ana amene analibe chitetezo chokwanira. Chitopa cha nkhuku chilinso chimodzimodzi, pakuti mavayirasi ake amasiyana kwambiri ukali, ena amapha khola lonse pomwe ena sadwalitsa n'komwe, koma onse ndi serotype imodzi, ndipo katemera wa I-2 amene amadonthezedwa m'diso la nkhuku ndi vayirasi yofatsa ya m'gulu lomwelo. Chimfine wamba chimasiyana ndi zonsezi, chifukwa mavayirasi otchedwa rhinovirus, amene amachiyambitsa nthawi zambiri, ali ndi mitundu yoposa 100 yosatetezana, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene munthu amachidwalira mobwerezabwereza moyo wake wonse popanda katemera.

Dengue, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu wa Aedes umene umaluma masana, amasonyeza kuti nkhaniyi ikhoza kuipa kuposa kungosowa chitetezo. Ali ndi ma serotype anayi. Munthu akadwala imodzi amatetezeka ku imeneyo kwa nthawi yaitali kwambiri, ndipo ku zitatu zinazo amatetezeka kwa kanthawi kochepa chabe. Kanthawiko kakatha, maantibodi akale amatha kumatirira pa vayirasi ya serotype yachiwiri koma osaifooketsa, ndipo m'malo mwake amaithandiza kulowa m'maselo a chitetezo amene amameza chilichonse chokhala ndi antibodi, momwe imakaswana kwambiri. N'chifukwa chake kudwala dengue kachiwiri kumakhala koopsa kawirikawiri kuposa koyamba. Ku Cuba serotype 1 inafala mu 1977 popanda kuvuta kwenikweni, koma serotype 2 itafika mu 1981 anthu oposa 300,000 anadwala ndipo 158 anamwalira, ambiri mwa iwo ana. Vuto lomweli linagwera katemera wa Dengvaxia, amene anaperekedwa kwa ana asukulu oposa 800,000 ku Philippines kuyambira mu 2016. Mu November 2017 kampani yopanga katemerayu ya Sanofi Pasteur inalengeza kuti kwa mwana amene sanadwalepo dengue katemerayo amakhala ngati kudwala koyamba, ndipo amawonjezera mpata wodwala kwambiri mwanayo akadzakumana ndi vayirasi yeniyeni. Matendawa sali kutali nafe, pakuti anabuka kumpoto kwa Mozambique mu 2014 komanso mu 2019 ku Dar es Salaam, kumene amalonda athu ambiri amakaoda katundu.

Ngati pakati pa ophunzira anu pali ana a alimi a ng'ombe, makamaka a ku Chikwawa ndi Nsanje, auzeni za matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Vayirasi yake ili ndi ma serotype asanu ndi awiri, amene ndi O, A, C, Asia 1, SAT 1, SAT 2 ndi SAT 3. Apanso mayinawo sakunena za ukali. O ndi A anatchulidwa mu 1922 ndi akatswiri a ku France potengera dera la Oise ndi dzina la Germany m'Chifalansa, pomwe SAT ndi chidule cha Southern African Territories, chifukwa mitundu itatuyo inapezeka kuchigawo chino, kumene njati zimaisunga popanda kuonetsa kudwala. C sinaonekenso kuyambira mu 2004. Ng'ombe yobayidwa katemera wa SAT 1 siitetezeka ku SAT 2, ndipo katemera wa mitundu itatu ya SAT sathandiza ikabwera O, monga mmene inafikira pakati pa dziko la Zambia mu 2018. Ichi n'chifukwa chake alangizi a ziweto amatenga zoyesa pa zilonda za ng'ombe n'kuzitumiza ku malabotale monga Botswana Vaccine Institute ku Gaborone kapena Pirbright ku England. Ndiwonjezere kuti m'kati mwa serotype imodzi, makamaka SAT 2, mavayirasi amasiyana mokwanira kufooketsa katemera, kotero kuti malire a serotype sali owongoka monga amaonekera m'buku la sukulu.

Tsopano tibwere ku mawu ena aja. Ma subtype a HIV-1, umene ndi mtundu wa HIV wofala kwambiri padziko, ndi nthambi za ubale, ndipo gulu lalikulu lotchedwa M lili ndi A, B, C, D, F, G, H, J, K ndi L. Zilembo E ndi I zinachotsedwa zitadziwika kuti mavayirasi amene anapatsidwa mayinawo anali osakanikirana a nthambi zina. Subtype B ndi yofala ku Ulaya ndi ku America, pomwe C ndi ya kummwera kwa Africa, Ethiopia ndi India, ndipo ndi imene ili mwa pafupifupi theka la anthu onse okhala ndi HIV padziko. Magazi amene anasungidwa pa timapepala ku Karonga m'zaka za m'ma 1980, pa kafukufuku amene poyamba anali wa khate, anasonyeza kuti kumayambiriro kwa zakazo kunali A, C ndi D, koma pofika kumapeto kwake C inali itachuluka kufika pa anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse okhala ndi kachilomboka. Nthambi zimenezi sizingatchedwe ma serotype, chifukwa maantibodi a munthu wa subtype C satsimikizika kugwira subtype C ya mnzake, ndipo ngakhale m'thupi la munthu mmodzi kachilomboka kamasintha kunja kwake mofulumira kuposa mmene maantibodi angatsatire. Katemera woyeserera amene anakonzedwa molunjika pa subtype C anayesedwa pa anthu oposa 5,000 ku South Africa mu kafukufuku wotchedwa HVTN 702, ndipo anaimitsidwa mu February 2020 zitaoneka kuti sakuteteza. Kumbali ya mankhwala, ma ARV amene amaperekedwa m'zipatala zathu amagwira ntchito pa ma subtype onse a HIV-1, choncho womwa mankhwala safunika kudziwa chilembo cha kachilombo kake.

Pa fuluwenza mawu akuti subtype ali pafupi kwambiri ndi serotype, chifukwa H ndi N za m'mayina monga H1N1, H3N2 ndi H5N1 ndi mapuloteni awiri a kunja kwa vayirasi, ndipo manambala ake anagawidwa poyamba ndi seramu. Koma m'kati mwa subtype imodzi vayirasi imasinthabe pang'onopang'ono chaka ndi chaka, ndipo World Health Organization imakumana kawiri pachaka, mu February ndi mu September, kusankha mavayirasi oti alowe mu katemera wa nyengo yotsatira. Variant ndi mawu otakasuka kuposa onsewa, pakuti amangotanthauza vayirasi imene chibadwa chake chasiyana ndi cha imene inalipo kale, kaya kusiyanako kuli ndi tanthauzo kwa wodwala kapena ayi. Ambiri mwa ma variant a Covid-19 anangobwera n'kutha osadziwika. Beta, imene inalengezedwa ku South Africa mu December 2020, ndi Omicron, imene inapezeka ku Botswana ndi South Africa mu November 2021, zinatchuka chifukwa zinkazemba maantibodi akale. Omicron inali ndi kusintha koposa 30 pa puloteni yake ya kunja, moti akatswiri ena ananena kuti iyenera kuonedwa ngati serotype ina, ngakhale kuti si onse anagwirizana nazo. Komabe anthu otemeredwa ankatetezekabe kwambiri ku matenda aakulu, chifukwa thupi lilinso ndi maselo ena a chitetezo amene amazindikira mbali za vayirasi zimene maantibodi saziona, ndipo kuyesa kwa seramu sikunena chilichonse za maselo amenewo. Clade nayo ndi nthambi ya ubale, kholo limodzi ndi zidzukulu zake zonse. Mpox ili ndi clade I ndi clade II, mayina amene anakhazikitsidwa mu August 2022, koma katemera mmodzi, amene anapangidwa poyamba kuti ateteze nthomba, ndi amene amagwiritsidwa ntchito pa zonse ziwiri. Strain kwenikweni ndi vayirasi inayake imene inatengedwa pamalo ndi nthawi yodziwika n'kusungidwa mu labotale, monga ya chikuku ya ku Boston ija, ngakhale kuti atolankhani amawagwiritsa ntchito mawuwa pa chilichonse.

Masiku ano kuwerenga chibadwa kwatsika mtengo ndipo n'kwachangu kuposa kuyesa ndi seramu, choncho mavayirasi ambiri amapatsidwa manambala popanda kuyesedwa ndi seramu, ndipo akatswiri amangoti type. HPV, vayirasi imene mitundu yake ina imayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, ndi chitsanzo chabwino. Vayirasi imeneyi ndi yovuta kuiswanitsa mu labotale, kotero mitundu yake yoposa 200 inagawidwa poyang'ana DNA, komabe chitetezo chake chimayendanso motsata mtundu. Type 16 ndi 18 zimayambitsa pafupifupi 70 peresenti ya khansa ya khomo la chiberekero, ndipo ndi zimene katemera amene atsikana a zaka 9 anayamba kulandira m'dziko lonse la Malawi mu January 2019 amalimbana nazo kwambiri. Mitundu ina yoyambitsa khansa imatsala, ndipo n'chifukwa chake mtsikana wotemeredwa adzafunikabe kumakayezetsa akadzakula.

Pa Chichewa zonsezi timangoti mtundu wa vayirasi, ndipo ine sindikuona chifukwa chopekera mawu atsopano amene palibe adzawagwiritse ntchito. Chofunika n'kunena kuti ndi mtundu pa mbali iti, ya chitetezo cha m'thupi kapena ya chibadwa. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mmene mawu akuti "kwabuka mtundu watsopano" amalengezedwera pa wailesi ndi pa WhatsApp ngati kuti paokha ndi uthenga wa maliro, pomwe vayirasi iliyonse ya RNA imabala ana osiyana nayo pang'ono nthawi iliyonse ikaswana. Wophunzira wa sayansi akamva mawuwo afunse ngati katemera ndi chitetezo zimene anthu ali nazo kale zikuuzindikirabe mtunduwo, kenako afunse ngati ukufala msanga kapena kudwalitsa kwambiri, chifukwa amenewa ndi mafunso osiyana ndipo dzina la mtunduwo siliyankha ngakhale limodzi.

Za mwana wodonthezeredwa mobwereza, chifukwa chake chikukhudzanso ma serotype. Vayirasi yofooketsedwa ya mu katemera wodontheza imayenera kuswana m'matumbo kuti thupi lipange chitetezo, ndipo mitundu ingapo ikalowa pamodzi imapikisana, moti nthawi ya katemera wa mitundu itatu type 2 inkapambana n'kulepheretsa 1 ndi 3 kugwira bwino. M'mayiko otentha ngati athu palinso kutsegula m'mimba, kuperewera kwa zakudya m'thupi ndi mavayirasi ena a m'matumbo, zimene zimachititsa kuti ana ena asapeze chitetezo ngakhale alandire madontho pobadwa komanso pa masabata 6, 10 ndi 14. Buku la kusikelo limasonyeza kuti mwana analandira katemera, koma silingasonyeze ngati thupi lake linapanga chitetezo ku serotype iliyonse, ndipo kuyeza magazi a mwana aliyense kungadule kwambiri kuposa kumudonthezeranso. Jakisoni wa IPV, amene amabayidwa pa masabata 14, ali ndi mitundu yonse itatu yophedwa ndipo amateteza bwino kuti mwana asapuwale, koma chitetezo chimene amapereka m'matumbo n'chochepa, kotero mwana wobayidwa akhoza kunyamula vayirasi n'kupatsira anzake iye osadwala. Kampeni imadonthezera ana onse a m'dera m'masiku ochepa omwewo kuti vayirasi isowe matumbo oswaniramo, ndipo nthawi zina katemera wa kampeniyo amakhala wa serotype ina, monga nOPV2, imene madontho a kusikelo alibe. Madontho owonjezerawo savulaza mwana amene ali kale ndi chitetezo, ndipo kholo lili ndi ufulu wofunsa alangizi kuti katemera wa ulendo umenewo ndi wa type iti.